Mapiritsi a ku Joni

Zondwayo anakhala kumapeto kwa benchi pachipatala cha Mzimba, jumbo la mabotolo lili pamiyendo. Mkazi wake Iness anali kumapeto enawo. Pakati pawo pakanakwana anthu anayi, koma palibe analimba mtima kukhalapo.

M'wodi munali mayi ake a Zondwayo, ali pa diripi. Mkodzo unali utasiya kutuluka, ndipo m'mawa umenewo mayiwo anamuitana ndi dzina la malemu bambo ake. Zinamuwawa, ndipo ankadziwa woti amuloze chala.

Chaka chonse ali ku Joni ankatumiza pa basi mapiritsi olimbitsa mafupa, a kashiamu ndi vitamini D, poti mayiwo ankalira miyendo ndi msana. Atafika kwawo ku Champhira masabata atatu apitawo, anapeza mabotolo asanu ali osatsegula, atabisidwa m'thumba la chimanga. Iness atati afotokoze, anamudula pakamwa. Munthu wobisira wodwala mankhwala anganenenso chiyani? Kuyambira tsiku lomwelo ankawamwetsa yekha, atatu m'mawa, atatu madzulo, kuti alipire miyezi yotayika. Uthenga unali utapita kale kwa makolo a Iness kuti adzatenge mwana wawo. Chomwe chinatsala n'chakuti dokotala anene yekha zomwe kuwamana mankhwala kwachita.

Dokotala, mayi wooneka wotopa, anatuluka atagwira buku la wodwala. Zondwayo anaimirira.

"Ndapota, adokotala, nenani pamaso pa uyu. Amama chawapweteka n'chiyani?"

Dokotala anafotokoza modekha. Anati pakhosi pali tiziwalo tinayi tating'ono totulutsa mahomoni oyang'anira kashiamu m'magazi. Kamodzi ka mayiwo kanalusa, nkumakoka kashiamu m'mafupa, n'chifukwa chake ankawawa. Kashiamu akachuluka m'magazi, timitsempha ta mu impso timafinyika, magazi amalowa ochepa, impso nkufooka.

Zondwayo anagwedeza mutu, akudikira mawu amene anabwerera.

"Mwayi wawo n'ngwakuti apongozi awowa anamvera," anatero dokotala, akutsegula buku lija. "Chaka chatha achipatala cha kwanu anawauza kuti mapiritsi a mafupa aleke, ndipo impso zinayamba kuchira. Chandizunguza mutu n'chakuti kashiamu wakwera chonchi m'masabata atatu okha. Wayambanso kuwamwetsa ndani?"

Iness anayang'ana pansi. Zondwayo anayesa kubisa jumbo lija kumbuyo, koma mabotolo analira.