Kalata Sigona M'nyumba

Anna anamasula chingwe cha failo yachitatu. M'chipinda chowerengeramo zolemba zakale za boma la atsamunda ku Kew munali zii. Wosema mwala wa pamanda ku Lewisham ankafuna mawu pofika Lachisanu, ndipo Anna anali atawakonza kale: "Rowland Kamtengeni. Anamangidwa popanda mlandu, 1959." Chotsala chinali umboni basi.

Malemu bambo akewo sankakamba za chaka chimenecho. Ukawafunsa ankangoti, "Zisiye, mwanawe." Koma pa 3 Malichi paliponse ankatchula mayina asanu ndi awiri m'pemphero. Ana anangodziwira pomwepo kuti amenewa anali anzawo a m'ndende.

Analinso ndi timakhalidwe tawo tomwe ana ankaseka nato. Kalata iliyonse yofika pakhomo ankailemba deti pakona, n'kuikapo zilembo R.K. zozunguliza. Yotumiza ankathamanga nayo kupositi, kaya kugwe mvula kaya chipale chofewa. "Kalata sigona m'nyumba," ankatero.

Lamulo la atsamunda linali nako kampata: munthu akatsekeredwa, abale ake ankatha kulembera khoti kuti woweruza amuitanitse, boma lifotokoze chomwe lamugwirira. M'failomo munali makalata otero, ochokera kwa akazi a omangidwa, ena odinda chala. Ina inkati, "Mwamuna wanga anamugwirira kumunda. Tikupempha aonekere pamaso panu."

Anna anawerenga dzina loyamba. Linali la m'pemphero lija. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachisanu ndi chiwiri ankachita kuwamva bambo ake akuwatchula pambali pake. Anagwidwa chisoni, komanso ananyada. Yotsatirayo ikhala yopempherera bambo, anatero mumtima. Anatembenuza tsamba.

Kalata ina panalibe. Panali kapepala ka woweruza, kolembedwa patapita miyezi khumi. Ankafunsa chifukwa chimene makalatawa sanafikire patebulo pake, mpaka atatu mwa amunawo kufera m'ndende. Yankho linali mzere umodzi: anapezeka atagona mu dirowa ya kalaliki wa khoti.

Anna anabwerera pa kalata yoyamba ija. Pakona panali deti lolandirira, ndi zilembo ziwiri zozunguliza bwinobwino: R.K.