Makwerero a Sadick

A Alexio anali pakati powerenga kabuku ka maphunziro pamene Tiyamike anawaimitsa.

"Pepani bambo, mukakatero Lolemba, ana onse akagona."

Anzawo anaseka, koma Tiyamike sanaseke. Linali Loweruka lomaliza la maphunziro, m'kalasi ya pulayimale ina kufupi ndi pa Malomo. Bungwe lomwe ankagwirako ntchito linamutuma kudzakonzekeretsa anthu ongodzipereka, oti azikaphunzitsa ana a sukulu kasamalidwe ka ndalama ndi kasankhidwe ka ntchito za m'tsogolo. Kunabwera alimi, atelala, ogulitsa pamsika. Mtima anali nawo ndithu, koma aliyense akaima kutsogolo ankangomata maso pa kabuku n'kumang'ung'udza. A Elube, mayi wosoka mayunifolomu, anasokonezeka mpaka choko chinawapulumuka.

Otsiriza kuyeserera anali a Ramadani, bambo wa imvi za apo ndi apo, mwini kagolosale pa Malomo. Chiyambireni maphunzirowo ankakhala kumbuyo kwenikweni, osafunsa funso, osayankha. Mumtima mwake Tiyamike anali atawataya kale.

A Ramadani anasiya kabuku pa desiki. Anatenga choko, n'kujambula makwerero aatali pa bolodi. Pansi pake analemba dzina ndi zilembo zikuluzikulu: SADICK.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero. Analoza kamtengo koyamba ka makwererowo. "Apa, nkhuku ziwiri, mphatso ya amalume ake. Mazira osadya, osagulitsa. Aswe kaye. Apa, mbuzi. Apa, sipanala ndi pampu, kumata matayala a njinga pansi pa mtengo akaweruka kusukulu. Kaphindu kalikonse kukagawa patatu: ka sopo, ka fizi, ndi kena kosakhudza ngakhale m'mimba mukulira."

Mawu awo anali otsika, komabe ngakhale a pa benchi yakumbuyo anasiya kuseweretsa mafoni.

Chala chija chinapitiriza kukwera. Fomu 4. Sukulu ya ntchito zamanja, kuphunzira kuwotcherera zitsulo. Makina ake akeake, osati obwereka. Shopu m'mbali mwa msewu, mafelemu a zitseko ndi ngolo zitandandalikidwa panja. Achinyamata a m'mudzi kuphunzira ntchito m'manja mwake. Pamwamba penipeni a Ramadani anajambula kanyumba kokhala ndi khonde.

"Iyi ndi ya mayi ake," anatero, n'kuika choko pansi.

Kenako a Elube anayamba kuwomba m'manja, onse n'kutsatira. Tiyamike anaiwala kutopa kwake konse. Phunziro lomwe wakhala akulephera kulitulutsa m'kabuku linali litaima pa bolodi.

"Izi ndiye zimene ana akufuna!" anatero. "Bambo, Lachisanu tili ndi tsiku loti ana akumane ndi anthu a ntchito zosiyanasiyana. Mlendo wathu wamkulu tamupeza. Mudzabwere naye Sadick, anawo adzamuone ndi maso."

Nkhope ya a Ramadani inagwa.

"Sangabwere, aphunzitsi."

"Ngakhale ka ola kamodzi?"

"Sangabwere."

Anabwerera kumpando kwawo, mutu uli pansi.

Tiyamike sanafunsenso pagulu, poti anaona kuti wamvetsa. Nkhani zotere ankazidziwa bwino. Mlongo wake weniweni atapeza ntchito ku Lilongwe anasiya kuyankha mafoni a mayi awo, chikhalirecho mayiwo ankamuchemererabe kwa aliyense wodutsa pakhomo. Anawayang'anitsitsa a Ramadani. Kolala ya malaya awo inali itanyotsoka, nsapato zinali zosoka ndi kusokanso. Mwana ali ndi shopu ndi antchito, bambo ake akuyenda chonchi? Ndiye bamboyo n'kumaimabe pamaso pa anthu kumutamanda! Mkwiyo wosakanikirana ndi chisoni unamugwira.

Anamaliza zotsala mwachangu. Anauza aliyense sukulu yake, n'kuwakumbutsa kuti asamakalipire mwana woyankha molakwa. Dzuwa lili paliwombo anthu anayamba kutuluka, ena kukatenga njinga zawo, ena kuthamangira minibasi. A Alexio anagwira chanza a Ramadani pakhomo n'kunena kuti, "Mulungu anakudalitsani ndi mwana, achimwene." A Ramadani anangogwedeza mutu.

Onse atapita, bamboyo anatsalira. Anatenga kansalu n'kufufuta zonse zimene anzawo analemba pa bolodi. Atafika pa makwerero aja anaima, kansalu kali m'manja, osafufuta, osachoka.

Tiyamike anawayandikira, foni yake ili kale m'manja.

"Bambo, mundikhululukire ndikalowerera za m'banja mwanu. Ana akalemera amaiwala kumene anachokera, ndikudziwa, kwathunso ziliko. Koma munthu amene munamulera chonchi sangakane zonse. Ndipatseni nambala yake, ndiyankhule naye ndekha. Mwina mlendo angamumvere."

A Ramadani anayang'ana dzina lija. Atatembenuka, misozi inali itafika kale m'ndevu.

"Nambala alibe, mwananga. Sadick tinamuika m'manda ali Sitandade 7. Zonse ndanenazi ndi zimene ankandiuza kuti adzachita akadzakula."