Zala Paphewa

"Amayi, chonde, senderani uko!" anatero Gervazio, thukuta lili kamukamu m'jekete yobwereka.

Sukulu ina ku Ghana inali itamulemba ntchito yophunzitsa Chingerezi, koma ofesi ya boma la Chitaganya inkafuna chithunzi cha pasipoti tsiku lomwelo. Mmwenye wojambula ku Limbe anatulutsanso mutu m'nsalu yakuda ya kamera yake.

"Nkhope imodzi basi, mayi!"

Mayi a Gervazio sanasunthe pambali pake. "Akakakuona wekhawekha, akati ulibe abale. Munthu wopanda abale amaikidwa m'manda ndi akaidi."

"Ndikupita kukaphunzitsa, amayi, osati kukafa!"

Anawadandaulira, anawakalipira, mpaka iwo anasendera pambali akung'ung'udza.

Chithunzi chitatsukidwa, nkhope inalidi imodzi. Koma paphewa la jekete ija panali zala za mayi ake, zitagwira zolimba.