Jombo za Pakhola

Akuba atatibera ng'ombe kachiwiri, ndinatenga chiphaso n'kugula mfuti yaing'ono yakale imene apolisi anasiya kugwiritsa ntchito. Inali yadzimbiri, ndipo kagudumu ka zipolopolo sikankazungulira. A Yohane, okonza njinga pa Kachebere, anaipala n'kuithira mafuta a makina osokera mpaka mdima unagwa.

"Yadzuka tsopano," anatero pondipatsa.

Ndinaikulunga m'kansanza n'kuuyamba ulendo wa kumudzi, mtima uli m'malo. Nditadutsa zigafa za pa esiteti, ndinamva jombo kumbuyo kwanga, zikuponda ngati pa pelete. Ndikaima, nazo zinkaima. Ndinacheuka, koma mumsewu munalibe munthu. Agalu olusa a pa esitetipo anangogona pansi osauwa.

Kunyumba, mkazi wanga Stelia anatsegula chitseko atanyamula nyali. Anayang'ana kumbuyo kwanga n'kugwada.

"Takulandirani, bwana."

Kenako anandinong'oneza: "Bambo a Tadala, apolisiwa akuperekezani mtunda wonsewu, inu osawapatsa ndi mpando womwe? Taonani, apita kukaima pakhola."

Usiku umenewo ng'ombe zinagona phee. Jombo zija zinazungulira khola mpaka kunacha.