Maso a Nankhoma

Masiku ano mboni siyankhula, apolisi amangoiunika m'maso. Komabe Nankhoma, yemwe anaona galimoto ikugunda wamakala n'kuthawa, ananyamula bulangete popita kupolisi.

"Mboni imagonera komweko," amuna ake anamuchenjeza. "Nanga nambala ya galimotoyo mukaitchula bwanji, inu osadziwa kuwerenga?"

Wapolisi anamupatsa mpando. "Ingokumbukani, mayi."

Kuwala kwa makina kunamusisita m'maso. Pakhoma panatulukira msewu wa ngozi ija, makala ali mbwee, ngakhale tomato amene anamupulumuka m'manja. Kumbuyo kwa galimoto nambala inali poyera, ndipo wapolisi anaiwerenga mokweza.

"Woyendetsayo timugwira lero lomwe. Zikomo mayi, mutha kupita."

Nankhoma sanadzuke. Anagwira zikope zake mwaulemu, ngati za mlendo.

"Kani zaka zonsezi maso angawa amalemba, osandiuza?"