Dzimbiri Pansi pa Bandeji

Panali munthu wina, telala wa masuti, amene bambo ake atamwalira anamusiyira galimoto yakale. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ankaisamala ngati khanda. Lachinayi lililonse ankatseka shopu masana n'kukatenga mayi ake kupita nawo kuchipatala kokayezetsa kuthamanga kwa magazi. Mayiwo ankavala bwino ngati akupita ku ukwati, n'kukhala kutsogolo, akucheza ndi mwana wawo njira yonse.

Tsiku lina mapaipi a ekizozi, anayi aja amatuluka m'injini n'kukakumana pansi, anang'ambika. Telala anagula ena atsopano kushopu ya zipangizo, achitsulo wamba koma onyezimira. Anapita nawo kwa mchemwali wake wamkulu, amene anali wowotcherera zitsulo ndipo anali ndi galaja yakeyake.

Mchemwaliyo anawagogoda ndi sipanala. "Chitsulo ichi n'chamaliseche, mng'ono wanga. Mvula imodzi yokha, dzimbiri layamba. Ukanandifunsa ndikanati ugule chosachita dzimbiri. Poti wagula kale, tiwatumize akawakute ndi utoto wolimba wa seramiki, kapena undisiyire masiku atatu. Ndiwapale, ndiwatsuke mafuta, ndipake penti yopirira moto, iume bwinobwino."

"Masiku atatu, achemwali? Lachinayi ndi mkuja."

"Amayi ndiwaperekeza ine pa takisi. Sabata imodzi sangafe nayo."

Telala anabwerera kushopu ya zipangizo ija kukagula mabawuti, ndipo pakhomo anakumana ndi bambo wina wosamudziwa, wovala ovolosi yoyera mbee, akugulitsa nsalu yokulungira mapaipi yooneka ngati bandeji.

"Bwana, penti n'zachikale. Mungokulunga iyi, ola limodzi mwatha. Moto sutuluka, madzi salowa, dzimbiri lingomva mbiri."

Telala anaigwira nsaluyo, naikoka, naona kuti ndi yolimba. Anagula. Kunyumba anakulunga mapaipi aja mwaluso ngati akupinda mpendero wa suti, n'kuitana makaniko woyandikana naye kuti amange.

Mchemwali wake ataona anagwira pakamwa. "Vuto la matelala, chilichonse mumafuna kuchiveka. Nsalu iyi ikanyowa imasunga madzi. Pachitsulo chosapaka, ndiye kuti walimangira dzimbiri nyumba. Tiye tichotse."

"Inu mumandiona ngati ndidakali mwana," anatero telala, n'kutseka boneti.

Panapita mvula ziwiri. Akatsegula boneti, bandeji ija inkaoneka bwinobwino. Injini itayamba kulira "tchi-tchi-tchi" m'mawa, iye anangokweza wailesi. Mayi ake nawo anayamba kuchepetsa nkhani panjira. Akafika kuchipatala ankatsika akugwira chitseko.

"Amayi, muli bwino?"

"Ndi ukalamba, mwanawe. Yendetsa."

Lachinayi lina kunagwa chimvula. Anatseka mawindo onse, ndipo pamsewu panali mzere wa magalimoto wosasuntha. Telala anamva mutu kulemera, maso akuchita chidima. Anafunsa mayi ake kanthu kena, sanayankhe. Atacheuka anapeza mutu wawo wagwera pawindo, chikwama chagwa pansi.

"Amayi! Amayi!"

Anatsegula chitseko n'kugwera m'matope. Dalaivala wa lole yomwe inali kumbuyo anathamanga, anazimitsa injini, n'kuwatulutsa mayiwo. Anthu anathandizana kuwanyamula mpaka kuchipatala, mvula ikuwakhuthukira.

Dokotala anati unali utsi wa ekizozi, mpweya umene ulibe fungo koma umapha. Anati akanakhalamo mphindi zina pang'ono, bwenzi akunena zina.

Mayiwo anatsitsimuka chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Anapeza telala atagwada pambali pa bedi, nkhope ataikwirira m'bulangete.

"Dzuka, anthu akuona," anatero motsitsa mawu. "Nane ndalakwa. Mutu wakhala ukundipweteka mwezi wathunthu ndikakwera galimoto ija. Ndinkaopa kuti ndikanena uziyamba kunditumizira takisi. Nanga ndikanacheza ndi ndani?"

Telala analira ngati mwana.

Mawa lake anakoka galimoto ija kupita nayo kugalaja ya mchemwali wake. Mchemwaliyo anadula bandeji ndi mpeni. Dzimbiri linayoyoka ngati makungwa ouma. Paipi yachitatu inali ndi bowo lolowa chala chachikulu, pafupi ndi kampata kolowera m'kati mwa galimoto. Anayang'ana bowolo nthawi yaitali.

"Achemwali, ndikalipireni," anatero telala. "Kukhala chete kwanuku kukundipweteka kuposa."

"Ndinakalipa dzulo ndekha panja pa wodi. Zinathera pompo." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kuja unabwera nawo mapaipi aja, ndinalankhula ngati ndikukuseka. Ndikanabwera kwanu n'kuchotsa bandejiyo ndekha. Amayi ndi athu tonse."

Anapeza mapaipi ena. Ulendo uno telala anatseka shopu masiku atatu, nakhala pa benchi ya mchemwali wake akupala chitsulo ndi sandipepa mpaka chinayera. Mchemwaliyo anapopera penti kopyapyala katatu, akudikira kuti iume, kenako anamanga n'kuliza injini pang'onopang'ono kuti pentiyo ikhwime.

Tsiku loyamba lija, ataona zala za mng'ono wake zatuluka matuza, anavula magolovesi ake n'kumuponyera pamiyendo.

"Vala. Zala zimenezo n'zimene zikudyetsa ana ako."

"Nanga inu?"

"Zanga zinapsa kalekale. Pala, ndikugwirira."

Phunziro: Chobisika pansi pa nsalu chimaola osaoneka. Chitsulo cha ekizozi chipaleni, chitetezeni ndi penti yopirira moto kapena seramiki, ndipo galimoto ikasintha kaliridwe musakweze wailesi. Mverani m'bale amene akukuchedwetsani masiku atatu, osati mlendo amene akukulonjezani ola limodzi. Ndipo inu makolo, chikakupwetekani nenani, ana anu sakusiyani. Tumizirani uthengawu aliyense amene amanyamula okondedwa ake pagalimoto, mwina mupulumutsa mayi a wina.