Kamera Yotchipa ya ku Gweru

Mgodi wa golide ku Shurugwi, m'dziko la Zimbabwe, unagumukira Sandifolo mu Marichi 2022. Mtembo sunapezeke, choncho abale anaika zovala zake m'manda.

Chaka chino mlongo wake, Phoebe, ankafuna kamera yojambulira mwambo wovundukula chiliza.

"Yotchipa, mukoma, koma izigwira pa kompyuta yanga ya Linux," anauza wogulitsa katundu wakale ku Gweru, akutsegula laputopu yake.

"Yesani iyi, sisi. Anandigulitsa mukorokoza wina, aja okumba golide mozemba."

Atalumikiza chingwe, zithunzi za wokumba golideyo zinatseguka pomwepo. Pachithunzi chomaliza panali Sandifolo, wowonda, ataima pakhomo pa mgodi wina. Pakona panalembedwa Ogasiti 2024.

"Deti la makamerawa limasokonekera," anatero wogulitsa.

Phoebe anakulitsa chithunzicho. Pachipumi panali chipsera chopola kale, chimene mchimwene wake analibe tsiku limene analowa mumgodi.